Simbi ya Abambo pa Bwalo la Ankhoswe

Ndikukumbukira chaka chimene ndinafunitsitsa kukhala loya, ndipo ndinakhaladi loya kwa mphindi zosakwana zisanu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade sikisi, tikukhala ku Soche m'kanyumba ka zipinda zitatu koyang'anizana ndi phiri. Abambo anali womasulira mawu ku khoti m'tauni. Amayi ankataipa makalata pa ofesi ina ku Limbe. Onse awiri Chingerezi ankachimwa ngati madzi, ndipo onse awiri kugonja sankakudziwa. Ine ndinatengera konsekonse.

Chaka chimenecho abambo anagula deki yakale yoonetsera mafilimu kwa mnzawo wa kuntchito. Tsiku limene inafika, ana a m'mizere itatu ya nyumba anadzaza pakhonde pathu, ena atakwera pa njerwa kuti aonere pawindo. Tonse tinkayembekezera mafilimu a zibakera. Koma abambo anali munthu wa zokonda zawozawo. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi anatulutsa tepi m'thumba la jekete n'kuiika m'deki, ndipo pa kanema panatuluka filimu yakalekale yopanda mitundu, anthu ake otuwa ngati phulusa, ongolankhula basi. Anzanga anatsika pa njerwa n'kubwerera ku mpira. Ine ndinatsala, ndipo sindikhulupirira kuti ndinaphethira mpaka inatha.

Inali nkhani ya mwamuna ndi mkazi wake, onse awiri maloya. M'mawa ankamwera tiyi patebulo limodzi akusekererana. Masana ankakumana ku khoti pa mlandu umodzi, wina mbali iyi wina mbali inayo, n'kumang'ambana ngati sanaonanepo chibadwire. Madzulo ankabwerera kunyumba imodzi yomweyo, mkangano uli m'manja. Ine ndinali ndisanaonepo mkazi ataimirira pakati pa amuna a masuti n'kumawaloza chala, iwo ali duu. Akamayenda m'khotimo nsapato zake zinkalira kho kho kho, ndipo mtima wanga unkagunda motsatira nsapatozo.

Chingerezi cha m'filimumo chinkathamanga kwambiri, choncho abambo anaimirira pambali pa kanema, manja kumbuyo monga ankaimira kuntchito, n'kuyamba kutimasulira. Akalankhula mwamuna, ankamasulira liwu lililonse, n'kuwonjezerapo ndi mchere. Akalankhula mkazi, ankadumphadumpha. Amayi anapirira pang'ono, kenako anaika pansi nsalu imene ankasoka.

"Bambo a Lusiya, mayiyo walankhula mpaka mpweya kumuthera, inu mwangoti akukana mlandu. Zinazo mwameza?"

"Womasulira wabwino amasenda makoko," anayankha abambo.

"Ndiye makokowo ndipatseni ine."

Amayi anaimirira mbali ina ya kanema n'kuyamba kumasulira mawu a mkaziyo. Kuyambira pamenepo tinkaonera makhoti awiri nthawi imodzi, lina m'kanema lina pabalaza pathu, ndipo la pabalazali ndilo linali lokoma. Tepi itatha, onse awiri anali akuseka, thukuta lili kamukamu, aliyense akunena kuti wopambana ndi wa mbali yake.

Filimu imeneyo inandilowa m'magazi. Ndinaibwereza mpaka tepi inayamba kutulutsa mizere. Ndinaphunzira kuyenda manja kumbuyo, chibwano m'mwamba. Mphaka wathu ndinamuzenga mlandu wakuba usipa, ndipo anapezeka wolakwa katatu pa sabata imodzi. Chimene chinkandisangalatsa koposa chinali umboni wotulutsa mwadzidzidzi, woti munthu wauika patebulo anthu onse n'kusowa chonena. Ndinkalakalaka tsiku limene ndidzachite zimenezo pamaso pa anthu enieni.

Tsikulo silinachedwe. Lolemba lina masana ndikuchokera kusukulu ndinapeza achemwali a Esinala atakhala pakhonde, mwana kumsana, chikwama cha zovala pambali, maso ali psuu. A Esinala anali mwana wa msuweni wa amayi, wamasiye, ndipo anakulira pakhomo pathu. Pakhomo pomwepo ndi pamene anaonana ndi a Zuze, mwana wa mlongo wawo wa abambo, makaniko wa pa galaja ina ku Manja. Atafuna kukwatirana, abambo anakhala nkhoswe ya kuchimuna chifukwa ndiwo anali malume. Kuchikazi kunalibe mwamuna wapafupi, choncho amayi anati aima okha. Anthu anaseka kuti ankhoswe awiri m'nyumba imodzi sizinamvekepo, koma ukwati unachitika, ndipo kwa zaka ziwiri panalibe amene anakumbukiranso zimenezo.

Nkhani yake inali ya kalata. A Esinala anali atamaliza sukulu ya kutaipa, ndipo amayi anawathandiza kufunsira ntchito pa ofesi ina ku Limbe. Kalata inabwera yoti akayambe Lolemba lotsatira. A Zuze anakana. Anati mwana asamala ndani, chakudya aphika ndani, nanga mabwana a m'maofesi sawadziwa ndani. Anakangana masiku atatu, mpaka a Esinala anachita zimene mkazi amachita zikavuta, kuthawira kwa nkhoswe yake. Kalatayo anaibisa m'Baibulo. Anandionetsa tili awiri kuchipinda, ataigwira m'mphepete ndi nsonga za zala kuti isade. Bwalo linaikidwa Loweruka, ntchito Lolemba.

Ndiulule pano kuti ine chisoni chinali chochepa, chimwemwe ndicho chinachuluka. Filimu ija inali itatuluka m'kanema n'kulowa m'nyumba mwathu. Mwamuna mbali iyi, mkazi wake mbali inayo, mlandu umodzi, mbale imodzi. Sabata yonseyo chakudya cha madzulo chinkazizira patebulo. Abambo ankati mnyamatayo ali ndi mfundo, munthu sangachoke pansi pa galimoto ali mafuta okhaokha n'kupeza pamoto pali zii. Amayi ankati manja amene amamasula injini sangalephere kutsuka poto. Abambo ankati nanga mwana woyamwa. Amayi ankafunsa ngati ine ndinafa pamene iwo anabwerera kuntchito ndili ndi miyezi isanu. Ine ndinkalemba zigoli kuseri kwa kope langa la masamu, ndipo pofika Lachisanu amayi ankatsogola ndi zambiri. Mwina woimbira mpirayo anali wokondera.

Tsopano panali chinthu chimene tinkachidziwa ife a m'nyumba tokha. Amayi ankanyamuka kusanache kuti akapeze malo m'basi ya ku Limbe, ndipo abambo ankadzuka iwo asanadzuke. Ankakoleza makala, kuwaika m'simbi, kuipukusa m'mwamba kuti iyake bwino, n'kusita diresi ya amayi, kenako yunifolomu yanga, pomalizira shati yawo. Phala lathu la m'mawa ankaphikanso ndi iwo, lothira nsinjiro, lopanda m'bulu ndi umodzi womwe. Zonsezi zinkachitika chitseko cha kukhitchini chili chotseka. Ine ndinakula ndikudzutsidwa ndi fungo la nsalu yotentha ndi kamluzu ka abambo. Palibe anandiuza kuti ndi chinsinsi, koma ndinkadziwa kuti wina akagogoda, simbi inkathamangira m'manja mwa amayi.

Loweruka linafika. Amayi anavala diresi yawo ya buluu ya kutchalitchi. Abambo anamanga tayi, ngakhale kuti bwalo linali pabalaza pawo pomwe. Kunabwera mkulu wa mpingo wathu kudzamvera nawo. A Zuze anafika mochedwa pang'ono, atapesa bwino, limodzi ndi mnzawo wina wa kugalaja, munthu wa mano apanja amene sindinamukonde chimuonere. Ine anandiuza kuti ndiwiritse tiyi kenako ndikasewere kutali. Tiyi ndinawiritsa, koma kutali kwake kunathera pansi pa windo la pabalaza, pamene panali njerwa zija.

Atapemphera, abambo anayamba. Sindinawamvepo akulankhula mokoma ngati tsiku limenelo. Anatenga madandaulo onse a a Zuze n'kuwaveka suti. Anati mwamuna ndi mutu wa banja, ndipo mutu suuzidwa nkhani itatha kale. Anati mnyamatayu amachoka m'mamawa kubwera dzuwa litalowa, sanagonepo kunja, sanakwezepo dzanja. Anati ku Manja anthu amakhala khoma ndi khoma, ndipo mwamuna akaoneka ndi matewera pachingwe, mawa lake nkhani ili pa galaja ponse. A Zuze ankagwedeza mutu, chifuwa chikukula. A Esinala anali ataweramira pansi, akuseweretsa kaphazi ka mwana. Ndinayang'ana amayi kuti adumphe ngati mkazi wa m'filimu uja, koma iwo anali chete, manja pamiyendo, ngati ali pa ulaliki.

Magazi anandiwira. Ndinaona kuti mbali yathu ikugonja, loya wathu wagona, ndipo kalata ija ikhala m'Baibulo mpaka kalekale. Pamenepo ndinakumbukira kuti umboni ndili nawo. Ndinathamangira kukhitchini. Ndinaika makapu pa thireyi, pakati pa makapuwo ndinaikapo simbi, n'kuvindikira ndi kansalu. Ndinalowa pabalaza chibwano m'mwamba. Sindinagwade n'komwe. Ndinatula thireyi patebulo, kuchotsa kansalu, n'kuika manja kumbuyo.

"Pepani akuluakulu, ndili ndi umboni," ndinatero. "Abambo akuti mwamuna sagwira ntchito za m'nyumba. Simbi iyi amaikoleza ndi iwowo m'mawa uliwonse. Diresi imene avala amayiyo asita ndi iwowo. Phala lathu amaphika ndi iwowo, ndipo limakoma kuposa la amayi. Akane ngati ndikunama."

Pabalaza panati zii. Kunali kukhala chete kwenikweni kumene ndinkakulota, ndipo kwa kamphindi ndinamva kukoma kumene sindinakumvenso mpaka lero. Ndinkadikira kuti wina awombe m'manja. Kenako mnzawo wa a Zuze uja anaphulika ndi phwete, akudzimenya pantchafu.

"Akuluakulu, ameneyu ndiye khuzumule weniweni," anatero akupukuta misozi.

A Zuze sanaseke. Anatembenukira kwa abambo.

"Amalume, zoona zimenezi?"

"Mwanayu sananame," anayankha abambo mosakweza mawu.

"Ndiye kuti mlanduwu munaugamula kale kukhitchini ndi aanti. Ine mwangondiitanira tiyi." Anaimirira n'kutola kapusi yawo. "Ndidikira abambo anga aakulu achokere ku Nsanje. Iwowo ndiye adzandilankhulire."

Mkulu wa mpingo anayesa kuwakhazika pansi, amayi anawatsatira mpaka pageti, koma munthu amene wasekedwa ndi mnzake samva. Ndinawaona akutsetsereka kulowera ku Manja, mnzawoyo akusekabe kumbuyo kwawo. Nditacheuka ndinapeza a Esinala akundiyang'ana. Sanali okwiya. Ankandiyang'ana ngati munthu amene wawona basi yomaliza ikunyamuka.

Amayi anandigwira pamkono n'kupita nane kuseri kwa nyumba. Ngakhale pamenepo ndinali ndikuganizabe kuti mwina akufuna kundiyamikira pamalo obisika. Sanandimenye, ndipo bola akanandimenya.

"Lusiya, amene wamuvula pagulu uja ndi mwamuna wanga," anatero. "Anakulakwira chiyani? Kukusitira yunifolomu?"

"Koma amayi, ankatipambana."

"Ankapambana ndani? Ukuyesa pano ndi pa kanema?"

Anandikhazika pa mtondo n'kundifotokozera zimene ine, ndi zigoli zanga zonse, sindinazione. Sabata imeneyo abambo anali atapita ku galaja kawiri poweruka. Anali atapeza kale mayi wina wachikulire wa kutchalitchi woti azisala ndi mwana masana. A Zuze anali atafewa. Chimene chinatsala n'choti madandaulo awo amveke pagulu, atchulidwe ndi malume awo mmodzimmodzi, kuti asaoneke ngati wogonja. Akatha kuwatchula, abambo anayenera kutembenuza nkhani n'kupempha mwana wa mlongo wawo kuti, monga mutu wa banja, aloleze yekha mkazi wake kukayamba ntchito. Amayi anakhala chete dala chifukwa inali isanakwane nthawi yawo. Kukangana kwa patebulo kuja kunali kwenikweni, poti anthu awiriwo kukangana kunali ndiwo zawo, koma pa za kalatayo anali atagwirizana kuyambira Lachitatu.

"Nkhoswe sapita pabwalo kukapambana," anatero amayi. "Amapita kukabweza anthu awiri kunyumba imodzi, aliyense atanyamula ulemu wake. Iwe walowa bambo ako atatsala pang'ono kufika."

Ndinalira kwambiri. Abambo ndinkawazemba tsiku lonselo, koma madzulo anandipeza okha ndikutsuka makapu amene palibe anamweramo. Anaima pakhomo la khitchini, tayi ili m'manja.

"Umboni wako unali woona, mayi," anatero. "Koma ku khoti ngakhale ine ndimadikira munthu amalize kulankhula ndisanatsegule pakamwa."

Sanawonjezerepo kanthu, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Lamlungu titaweruka anayenda wapansi mpaka ku Manja n'kupeza chitseko cha a Zuze chili chokhoma. Lolemba m'mawa amayi anauza a Esinala kuti avale azipita, za bwalo zidzatsatira. A Esinala anakana. Anati akapita nkhani isanathe, anthu adzanena kuti anasankha ofesi n'kutaya banja, ndipo mwana amene ali kumsanayu adzawafunsa akadzakula. Amayi anapita okha kukapempha kuti awadikire. A ku ofesiko anadikira mpaka Lachitatu, kenako anatenga wina. Abambo aakulu a ku Nsanje anali pakati pokolola thonje, ndipo anafika patatha masabata atatu. Nkhani anaikamba bwino, banja linabwererana, a Zuze mpaka anavomera kuti mkazi wawo atha kugwira ntchito. Koma ntchito yake panalibenso.

A Esinala anafunsira m'malo ena angapo osayankhidwa. Kenako kunabwera mwana wachiwiri, wachitatu, ndipo anayamba kugulitsa kaunjika mumsika wa Limbe, kumene ali mpaka lero. Ndinawapepesa tsiku limene ankabwerera ku Manja. Anandisisita kumutu n'kunena kuti ndinali mwana. Mpaka pano ndikadutsa pa benchi yawo amakuwa kuti loya wawo wafika, anzawo n'kumaseka osadziwa chiyambi chake. Uloya sindinaufike. Ndine kalaliki pa ofesi ina m'tauni, ndipo filimu ija sindinaionerenso, ngakhale ndimaikumbukira mwachikondi.

Chaka chatha a Esinala anabwera kuofesi kwanga kudzandisiyira uthenga wa chinkhoswe cha mwana wawo. Ndinatuluka pang'ono kukawatengera madzi. Pobwerera ndinawapeza atakhala pampando wanga, msana uli chilili, zala zonse khumi zitakhazikika pa mabatani a kompyuta, chala chilichonse pamalo pake. Ankataipa osayang'ana pansi, mofulumira kuposa ine amene ndimadyera pomwepo. Atandiona anaseka, anapukuta manja pachitenje n'kuimirira.

"Kani zala siziiwala," anatero. Kenako anandifunsa kumene angakwerere minibasi ya ku Limbe.

Mpaka lero ndimati a Zuze analakwa, ndipo amene angafune kutsutsana nane pa zimenezo abwere atadya. Ndimatinso mwamuna amene amasitira mkazi wake sayenera kutseka chitseko. Zimene ndinanena tsiku lija zinali zoona zokhazokha. Koma ndazindikira mochedwa kuti sindinalowe pabalaza paja chifukwa cha a Esinala. Ndinalowa chifukwa ndinkafuna anthu akhale chete n'kuyang'ana ine. Ndinasangalala mphindi zosakwana zisanu, ndipo amene analipira ndi munthu amene sananditume, amene sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi.